Za Buku la Mphete, ndi Iwo Ofuna Kulitentha

Abale athu mwa Ambuye, wabuka mkangano m'midzi yina ya kuno ku Machinga ndi ku Balaka, ndipo sitikhoza kukhala cete. Ana athu a ku sekondale abwera nalo kumudzi buku lalikuru la Cingelezi, dzina lace The Lord of the Rings, ndiko kunena Mwini wa Mphete. Ena sanaliwerenge, koma anaona kanema wace pa Liwonde kapena pa Ntaja. M'menemo muli anyanga, mitengo yoyenda ndi kulankhula, mafumu opangirana ciwembu, ndi nkhondo zoopsya. Tsono akuru ena ati ndilo buku la ufiti, liponyedwe pamoto. Ndipo tamva za mkuru wina amene anacitadi cotero ndi buku la mdzukulu wace. Ife tikana, ndipo tinena cifukwa cace.

Otsutsa atikumbutsa za ku Efeso, kumene okhulupirira anatentha mabuku a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000 (Macitidwe 19). Inde, anacita bwino. Koma aja anali mabuku a nchito, ophunzitsa munthu macitidwe a matsenga. Nanga m'buku la mphete ndani anatolamo njira ya kulodza mnzace? Mulibe muzu, mulibe mphini, mulibe nsupa. Iri ndi nthano, yonga zija agogo anatisimbira madzulo pamoto. Kodi tinawayesa mfiti agogo cifukwa Kalulu analankhula? Ngakhale m'Malembo Yotamu anaphera anthu a ku Sekemu fanizo la mitengo yofuna mfumu (Oweruza 9). Ndipo John Bunyan, m'caka ca 1678, anaika zimphona ndi cirombo camapiko pa ulendo wa Mkristu. Koma amishoni omwe ndiwo anamasulira buku lacelo m'zinenero zambiri za mu Afrika.

Mlembi wa buku la mphete ndiye J. R. R. Tolkien, wobadwira ku Bloemfontein m'caka ca 1892, mphunzitsi wa ku Oxford, Mkatolika wopembedza kufikira imfa yace. Nkhondo anaiona ndi maso pa Somme m'caka ca 1916, kumene anafera abwenzi ace. Bukulo linaturuka m'zigawo zitatu, m'zaka za 1954 ndi 1955.

Imvani tsono mtima wa nkhaniyo. Mfumu ya mdima, Sauron, inasula mphete yagolidi, niikamo mphamvu yace kuti ilamulire mitundu yonse. Mpheteyo inatayika, nigwa m'manja mwa anthu abwino. Iwo nakhala upo, nafunsana cocita nayo. Boromir, ngwazi yokonda dziko lace, anati aigwiritse nchito kugonjetsa mdaniyo. Anzeru anakana, podziwa kuti woibvala adzasanduka monga mwini wace. Napangana kuti iponyedwe m'phiri lamoto m'mene inasulidwa. Woinyamula sanali mfumu kapena wankhondo, koma Frodo, wa mtundu wa anthu aafupi okonda minda ndi cakudya. Saruman, mkuru wa anzeru, anaisirira, nagwa. Boromir anayesa kuilanda, nalapa asanafe. Ngakhale Frodo mwini, atafika pamoto paja, analephera kuitaya. Ndipo inaonongeka mwa Gollum, wotembereredwa amene Frodo anamleka wamoyo mwa cifundo. Taonani, cipulumutso sicinadza ndi mphamvu ya munthu.

Kodi ife a ku Machinga sitiidziwa mphete imeneyi? Tiidziwa ndithu, dzina lace ndi cizimba. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Munthu afuna kukhwima kuti malonda ayende kapena kuti akwere pa mpando, nayamba ndi kamuzu, natsiriza ndi mwazi. M'caka ca 2018 mnyamata wacialubino anaphedwa m'boma lathu lomwe lino cifukwa ca mafupa ace. Ndipo m'caka ca 2022 bwalo lalikuru linapeza anthu 12 olakwa pa mlanduwo, mwa iwo mbale wace weniweni, wapolisi, wa cipatala, ndi wansembe. Tinena ici ndi manyazi. Anthu amenewa sanasoceretsedwe ndi nthano ya Mngelezi. Anasoceretsedwa ndi cikhulupiriro cakuti mphamvu igulidwa ndi coipa. Ndico comwe bukuli litsutsa kuyambira tsamba loyamba kufikira lotsiriza. Nanga tilitentherenji?

Palinso coopsya cina. Pakamwa pozolowera kupfuula ufiti pa ciri conse cosadziwika sipaleka pa buku. Lero buku, mawa nkhalamba ya maso ofiira ndi utsi wa kukhichini. Lamulo la 1911 linaletsa kuchula munthu mfiti, koma nkhalamba zambiri zamenyedwa ndi kupitikitsidwa m'midzi ya dziko lino. Mwana woona agogo ace alikutentha cinthu asanacifunse aphunzira kuweruza asanamve.

Ndi inu anyamata tiri nao mau. Ena a inu mukonda bukuli cifukwa ca malupanga okha, nimudumpha masamba a upo ndi a cifundo. Mwadya gaga, ufa mwataya. Ndipo nthano isalande malo a khasu m'mamawa, kapena a Mau a Mulungu madzulo. Iri ndi fanizo la munthu, siliri Uthenga Wabwino iai.

Cifukwa cace tipempha akuru a mpingo cinthu cimodzi. Lamulungu masana, itanani mwana wowerengayo pansi pa mtengo wa mango, akusimbireni nkhaniyo m'cinenero cathu. Mumfunse za Boromir, mumfunse cifukwa Frodo analeka Gollum. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mukamva zonse, pamenepo muweruze. Ndipo moto muusungire nsupa zobisika pansi pa mphasa.