Chisanu cha kummwera kwa Africa: magetsi ochepa, petulo wodula ndi galimoto za hybrid

LUSAKA – Nyengo yachisanu m'chigawo cha kummwera kwa Africa imalowa mu Meyi n'kutha mu Ogasiti. Thambo limayera, fumbi limachuluka, mwera umawinduka pa nyanja ya Malawi, ndipo chiperoni chimakuta mapiri a Thyolo ndi Mulanje. M'nyumba zambiri mafunso amadzulo ndi omwe aja: tiphikira chiyani, tiwotha chiyani, nanga mawa tiyenda bwanji? M'zaka zaposachedwapa mayankho ake akhala akudalira mmene mvula inagwera miyezi ingapo m'mbuyomo.

Ife omasulira nkhani timalakwitsa kawirikawiri pamenepa. Nkhani ikamakamba za nyengo yozizira ya ku Ulaya timathamangira kulemba kuti dzinja, pamene kwathu kuno dzinja ndi nyengo ya mvula ndipo chisanu ndi nyengo ina. Komabe ziwirizi n'zolumikizana, ndipo chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi poyera.

Chaka chimenecho mvula inadula pakati pa nyengo yolima chifukwa cha El Niño. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko la Zambia lili pa ngozi ya chilala. Dziko la Malawi linalengeza chimodzimodzi mu Malichi pa maboma 23 mwa maboma 28, ndipo Zimbabwe inatsatira kumayambiriro kwa Epulo. Anthu akumudzi anaona chilalacho m'minda, koma a m'mizinda anachiona magetsi atayamba kuzima. Bungwe la Zambezi River Authority, lomwe limayang'anira damu la Kariba, linagawira makampani a magetsi a Zambia ndi Zimbabwe madzi okwana makyubiki mita 16 biliyoni chaka chonsecho, pamene mu 2023 anali 30 biliyoni. Kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku mu Malichi. Chisanu chikulowa maolawo anafika 12, ndipo pofika Seputembala madera ena ankakhala maola 21 opanda magetsi.

Mabanja amene anazolowera kuphikira magetsi anabwerera ku makala. Mtengo wake sunali wa ndalama chabe: mbaula ikalowa m'chipinda chotseka usiku wozizira imatulutsa mpweya wosaoneka komanso wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Ku South Africa, kumene magetsi ambiri amachokera ku malasha, vuto linali la makina okalamba a Eskom. Magetsi anazimitsidwa masiku oposa 330 mu 2023, ngakhale kuti chisanu cha 2024 chinadutsa popanda kuzimitsako.

M'zaka zomwezi ndi mmene galimoto za hybrid zachulukira m'misewu ya Harare, Lusaka, Lilongwe ndi Blantyre. Zambiri ndi Toyota Aqua, Toyota Prius ndi Honda Fit, zogwirapo kale ntchito ku Japan, zomwe zimalowera pa madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Ku Japan galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu ngati kuno, choncho sizifuna kusinthidwa chilichonse.

Galimoto ya hybrid ili ndi injini ya petulo komanso mota yamagetsi. Dalaivala akaponda mabuleki, mphamvu imene ikanatayika imabwerera m'batire, ndipo galimoto ikaima pamzere injini imadzizimitsa yokha. N'chifukwa chake imapulumutsa mafuta kwambiri m'tauni kusiyana ndi pa ulendo wautali. Chofunika koposa m'chigawo chino n'chakuti mitundu imeneyi sifuna kutchajidwa pakhoma.

Kungakhale kudzinamiza kunena kuti ogula akuchita zimenezi pofuna kuteteza chilengedwe. Akuwerengera m'thumba. Ku Malawi mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta yakhala ikubwerabwera kuyambira 2022 chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti. Kwa woyendetsa takisi amene wagona pamzere kuti apeze malita ochepa, galimoto yomwa pang'ono imatanthauza masiku owonjezera a ntchito. Maboma nawo maso awo ali patsogolo pa zimenezi. Mu bajeti ya 2024 dziko la Zambia linachotsa msonkho wa kasitomu pa galimoto zoyendera magetsi okhaokha, chaka chomwecho chimene nyumba zambiri zinalibe magetsi otchajira ngakhale foni. Cholinga chake n'chomveka, koma wogula wamba wasankha galimoto imene simudikiritsa kuti magetsi ayake.

Chisanu chili ndi zake kwa eni galimotozi. M'mawa wozizira injini imalira nthawi yaitali kuti itenthe komanso kuti itenthetse m'kati, motero mafuta amapita ochulukirapo kusiyana ndi masiku ena. Kabatire kakang'ono kodzutsira makompyuta a galimoto kakafooka, kamaonekera nthawi yomweyi, ndipo galimoto imangoti zii ngakhale batire lalikulu lili bwinobwino. Koma mdani weniweni ndi fumbi. Batire lalikulu limaziziritsidwa ndi fani yokoka mpweya kuchokera pafupi ndi mpando wakumbuyo. Fumbi la Juni ndi Julayi likatseka njirayo palibe amene amazindikira, kufikira kutentha kwa Okutobala kutafika, batire n'kuyamba kupsa. Kugula lina si nkhani yamasewera kwa munthu amene anachita kukongola kuti apeze galimotoyo.

Zambiri mwa galimotozi n'zachikulire kale, popeza Aqua inatuluka koyamba mu 2011. Dziko la Zimbabwe linaletsa mu 2021 kulowetsa galimoto zoposa zaka 10, koma lamulo lotere silithetsa vuto la amakaniko. Mawaya a mtundu wa lalanje a m'galimotozi amanyamula magetsi oti akhoza kupha munthu, ndipo ambiri okonza galimoto pansi pa mtengo anaphunzira ntchito yawo pa injini za petulo ndi dizilo. Nkhani ya kumene mabatire otha ntchito azikatayidwa nayonso sikukambidwa mokwanira.

South Africa salola kugulitsa galimoto zakale zochokera kunja, ndipo amapanga zake. Toyota inayamba kupanga Corolla Cross ya hybrid ku Prospecton, m'dera la Durban, mu 2021. Mu Epulo 2022 madzi osefukira analowa m'fakitaleyo n'kuimitsa ntchito kwa miyezi ingapo, umboni wakuti nyengo sikusiya ngakhale makampani aakulu.

Bungwe la World Meteorological Organization linati 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse zolembedwa kufikira nthawiyo, ndipo akatswiri a zanyengo akhala akunena kuti madera a m'kati mwa chigawo chino akutentha mofulumira pafupifupi kawiri kuposa dziko lonse lapansi. Izi sizikutanthauza kuti chisanu chatha. Pa 10 Julayi 2023 chipale chofewa chinagwa ku Johannesburg koyamba chichokere 2012. Mu Seputembala 2024, anthu ataika kale majuzi m'sutikesi, chipale chinatseka msewu wa N3 pa Van Reenen ndipo apaulendo anagona m'galimoto zawo. Mu Juni 2025 mphepo yozizira inabwera ndi chimvula ku Eastern Cape, dera limene mvula yake yambiri imagwa m'miyezi yotentha, ndipo anthu oposa 100 anafa, ambiri mwa iwo ku Mthatha ndi madera ozungulira. Sibwino kuloza chala kusintha kwa nyengo pa chochitika chilichonse pachokha, koma kalendala imene alimi, oyendetsa galimoto ndi makampani a magetsi ankadalira yayamba kuwagwiritsa mwala.

Ku Kariba zinthu zinakhalako bwino mu 2025, pamene madzi opangira magetsi anakwezedwa kufika makyubiki mita 27 biliyoni. Ambiri mwa madzi amenewa amachokera ku mvula ya kum'mawa kwa Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Amayenda pang'onopang'ono kudutsa m'dambo la Barotse, n'kudzafika pachimake pa mathithi a Victoria cha mu Epulo, kutatsala milungu yochepa kuti anthu a ku Lusaka ndi Harare ayambe kufunafuna mabulangete.