Penti Adikire, Tiyambe Tagula Bata

Ndithokoza akonzi a magazini yathu pondipatsa malo kuti ndinenepo maganizo anga pa nkhani imene yagawa Kalabu ya Kompyuta teremu yonse ino. Anzanga amene sali m'kalabu kapena sadziwa kuti tili ndi kandalama pang'ono kamene tinasonkha tokha, ndi kena kamene tinapeza potayipira makalabu ena makalata awo. Aphunzitsi otiyang'anira anati tisankhe tokha chochita nako, ndipo pa msonkhano woyamba wa teremu ikudzayi tidzakweza manja. Mbali imodzi ifuna tigule zitini za penti wopopera kuti mamonita akale onse asanduke akuda, ndi kuti zotsalazo tigulire bokosi lagalasi lokhala ndi nyali zamitundumitundu la kompyuta imene tikulumikiza tokha, ija idzakhale m'laibulale. Ine ndili mbali inayo, ndipo tilipo owerengeka. Ndinena kuti penti adikire, ndalama zipite ku bokosi lopanda phokoso.

Ndisanapitirire, ndichenjeze a Fomu 1 kuti ponena monita sindinena mnzathu uja wolemba maina a olongolola m'kalasi. Iyeyo palibe amene afuna kumpaka penti, ngakhale alipo ena amene angakondwe nazo.

Sindikana kuti mamonita athu ndi onyansa. Anafika kuno ali oyera pang'ono, tsopano aoneka ngati mano a munthu wosuta fodya. Ena amati ndi litsiro, ndipo ndinaonapo mnyamata wina akukwecha imodzi ndi sopo mpaka thukuta, koma osaphula kanthu. Si litsiro ayi. Zikopa za makina akalewa anazipanga ndi pulasitiki yotchedwa ABS, imene imasintha mtundu pang'onopang'ono ikamawombedwa ndi dzuwa ndi kutentha. Mukafuna umboni, yang'anani mamonita amene ali pafupi ndi mawindo: mbali yopenya kunja ndi yachikasu kuposa mbali yopenya kukhoma. M'chaka cha 2008 anthu okonda makompyuta akale ku Ulaya anapeza njira yoyeretsera pulasitiki yotere ndi mankhwala a hydrogen peroxide ndi kuwala kwa dzuwa, koma ambiri amene anayesa anaona kuti patapita zaka zingapo chikasu chija chimabweranso. Chotero amene afuna penti ali ndi mfundo yawo, pakuti penti yekha ndiye angabise mtunduwo kwa nthawi yaitali.

Koma ine ndinayesa kale, ndipo manyazi ake ndikali nawo. Teremu yatha, anthu opaka mafelemu a mawindo a kuhositelo atasiya penti wamafuta pansi pa chitini, ndinampempha, ndipo Loweruka lina ndinatenga monita imodzi ya nkhongo yaikulu ija, yonga wailesi yakanema yakale, kuti ndionetse anzanga luso langa. Poyamba ndinaipukuta ndi thinala, poganiza kuti ndichotsa mafuta a m'manja. Pulasitiki inafewa n'kuyamba kumata, ndipo chala changa chinasiya chidindo chimene chikalipo mpaka lero. Kenaka ndinapaka penti wochindikala ndi bulashi ya pakhoma. Pentiyo anayenderera n'kutseka timipata tapamwamba tija. Ine ndinkati timipatato ndi tokongoletsa chabe, osadziwa kuti monita yotere ilibe fani, ndipo mpweya wotentha umatulukira momwemo. Titaiyatsa Lolemba, sipanathe ola, chipinda chonse chinadzaza fungo la penti wotentha, ndipo pamwamba pake sipanali poika dzanja.

Chimene ndinafuna kuchita pambuyo pake ndicho chimene chandilembetsa nkhani ino. Ndinatola msomali kuti ndibowole penti m'timipata muja. Mwamwayi aphunzitsi analowa nthawi yomweyo, nandigwira dzanja, ndipo sindinawaonepo atakwiya chotero. Anatiuza kuti monita za mtundu umenewu zimagwira ntchito ndi mphamvu ya magetsi yoposa mavolti 20,000 mkati mwake, pamene magetsi a pakhoma ndi mavolti 230 okha, ndi kuti galasi lake lalikulu lija limatha kusunga mphamvu ngakhale mutazimitsa ndi kuzula waya. Anatinso mkati mwa galasilo anachotsamo mpweya wonse, kotero kuti likasweka limaphulikira mkati n'kumwaza zidutswa, ndipo galasi lakelo lili ndi mtovu. Tsono taonani vuto lake. Kuti mupake monita bwino muyenera kuvula chikopa chake n'kuchipaka pachokha, ndipo kuvula chikopa cha monita yakale si ntchito ya mwana wasukulu. Kupaka osavula ndiko kuja ndinachita ine.

Sindinena kuti kupaka n'kosatheka. Mamonita opyapyala aja, amene tili nawo angapo, angapakidwe ndi munthu woleza mtima: kutsuka ndi madzi a sopo, kukwecha pang'ono ndi sandipepala wosalala kuti penti apeze pogwira, kumata galasi, mabatani ndi timipata tonse ndi tepi ndi mapepala, kuyamba ndi andakoti woyenera pulasitiki, ndi kupopera mopyapyala kangapo, uku mukudikira kuti aume. Ntchito yake ichitikire panja, pakuti mpweya wa penti wopopera si wabwino kuupuma m'chipinda. Koma tikatha zonsezi tidzakhala tapindulanji? Zilembo pagalasi sizidzaoneka bwino kuposa kale, ndipo kompyuta siidzathamanga ngakhale pang'ono. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Nyerere zathu ife ndi phokoso.

Phokoso la m'chipinda cha makompyuta tinalizolowera, chotero sitilimva. Ine ndinalizindikira usiku wina magetsi atazima mwadzidzidzi. Makina onse anaima, ndipo ndinamva mapewa anga akutsika okha, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ndinamva achule kudambo. Ndinamva mnzanga wa pa benchi lachitatu akupuma. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti ola lonse ndinali kuwerenga ngati munthu wokhala pakhomo pa chigayo, ndi kuti aphunzitsi amatuluka m'chipinda chimenecho mawu atasasa chifukwa cholimbana ndi makina.

Pa phunziro la Physics tinamva kuti phokoso amaliyeza ndi madesibelo, ndipo masamu ake ndi odabwitsa. Makina awiri olira mofanana sawirikiza madesibelo, amangoonjezapo 3. Makina 10 amaonjezapo 10, ndipo khutu la munthu limamva kuonjezeka kumeneko ngati phokoso lawirikiza kawiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 1999, linati phokoso losalekeza m'kalasi lisapitirire madesibelo 35 pa nthawi ya maphunziro, ndiko kuti loposa pang'ono chabe kunong'ona kwa munthu. Tilibe chida choyezera, koma ndani wa inu anganene kuti chipinda chathu chimangonong'ona?

Tsono kompyuta yatsopanoyi tikufuna kuiika m'laibulale, malo okhawo pa sukulu pano amene munthu angamve maganizo ake. Idzayaka madzulo onse pa nthawi yowerenga, pafupi ndi matebulo amene a Fomu 4 amakhalapo pokonzekera mayeso a MSCE. Iwo sadzakhala pa msonkhano wathu, koma ndiwo adzamva chimene tidzasankhe.

Kodi phokoso la kompyuta limachokera kuti? Kwakukulu ndi ku mafani, ndipo apa pali chinthu chimene ambiri amachimva chozondoka. Amayesa kuti fani yaing'ono ndiyo yofatsa. Koma kuti kafani ka mamilimita 80 kakankhe mpweya wokwanira, kayenera kuzungulira mwaliwiro, ndipo kamalira ngati udzudzu m'khutu. Fani ya mamilimita 120 ili ndi malo okankhira mpweya oposa kawiri a kaing'onoko (amene sakhulupirira awerengere yekha, ndi masamu a Fomu 2), chotero imagwira ntchito yomweyo ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo ya 140 iposa apo. Lina limachokera ku hard disk yakale, imene mbale zake zimazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi. Kunjenjemera kwake kumalowa m'chitsulo cha bokosi, ndipo ngati chitsulocho n'chopyapyala ngati lata, bokosi lonse limasanduka ng'oma. SSD ilibe kanthu kozungulira, ndipo siimveka konse.

Chotero bokosi limene ine ndifuna ndi la chitsulo chochindikala, lolemera mukalinyamula, losalira mukaligogoda ndi chala, lokhala ndi malo a mafani akuluakulu, timphira pomangira hard disk ndi pa miyendo yake, ndi kasefa kotsekereza fumbi kamene munthu angachotse n'kukung'untha. Makampani ena anatchuka ndi ntchito imeneyi, monga Fractal Design ya ku Sweden ndi mabokosi ake a Define okhala ndi zofewa mkati zomeza phokoso, ndi be quiet! ya ku Germany, imene dzina lake lomwe likuuza anthu kuti akhale chete. Ndipo anzanga a penti amve ichi: mafani a kampani ya Noctua ya ku Austria, amene anthu odziwa amawatama chifukwa cha kufatsa kwawo, anadziwika ndi mtundu wa khofi ndi wotuwa, wosasiyana kwenikweni ndi wa mamonita athu, ndipo anthu amawagula ndi ndalama zambiri ngakhale ena amawaseka maonekedwe.

Ndidziwa kuti kandalama kathu sikangafike pa zinthu zotere. Koma sitiyenera kugula chatsopano. Kuyambira 1995, pamene kampani ya Intel inakhazikitsa muyezo wa ATX, mabokosi ambiri ndi mabodi a mkati amapangidwa motsata muyezo umodzi, kotero kuti bokosi lakale lolimba lingalandire bodi yatsopano. Makompyuta ena a m'maofesi satsata muyezowu, chotero wogula apite ndi tepi yoyezera ndi maso ake. Bokosi logwiritsidwapo kale ntchito ndi mafani awiri abwino zingatuluke m'ndalama zomwezo za zitini za penti.

Mnzanga wina wa mbali inayo, amene ndimlemekeza pakuti adziwa makina kuposa ine, anandifunsa funso limene linandisowetsa tulo. Anati, nanga bokosi lotsekedwa mbali zonse lidzatani mu Okutobala, pamene ngakhale ife sitigona ndi kutentha? Anena zoona. Mabokosi ofatsa aja anawapanga anthu a maiko ozizira, ndipo bokosi likatsekedwa kwambiri, mkati mumatentha, mafani amathamanga kuti aziziritse, ndipo phokoso lija timalithawa limabwerera pa khomo lina. Kwathu kuno ndiganiza kuti bokosi lokhala ndi timabowo kutsogolo, ndi mafani akuluakulu oyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa sefa, lingakhale lofatsa kuposa lotsekedwa. Ndivomeranso kuti galasi palokha silichita phokoso, pakuti n'lolemera. Chimene ndikana ndi mabokosi otsika mtengo onyezimira aja, amene ndalama yake inathera pa nyali, ndipo mafani ake amayenda liwiro limodzi usana ndi usiku. Ndiponso ndani afuna nyali zofiira ndi zobiriwira zikuphethira pambali pa buku lake la Biology? Nthawi ya dzinja ngumbi zokha ndizo zidzatithokoza.

Ena ati alendo ndi makolo akabwera adzatiseka poona mamonita achikasu. Mayi anga anabwerapo kamodzi, ndipo ndinawalowetsa m'chipindamo. Za mtundu sananenepo kanthu. Anangofunsa kuti, "Kodi mumamvana bwanji muno?"

Pempho langa kwa a m'kalabu ndi ili. Tisanakweze manja, tikumane Loweruka loyamba la teremu, ndi chilolezo cha aphunzitsi, tizule mawaya onse, titsegule mabokosi a makompyuta akale (mabokosi okha, osati mamonita, ndiponso osakhudza kabokosi ka magetsi ka mkati), tichotse fumbi la m'mafani ndi bulashi yofewa, timange masikuluwu onse olobodoka. Izi sizilira tambala ngakhale imodzi, ndipo ndikhulupirira kuti phokoso lidzatsika. Tikatero tiyatse kompyuta imodzi yokha, tiinyamule kupita nayo ku laibulale pa nthawi yowerenga, tiitane a Fomu 4 awiri kapena atatu akhale pambali pake theka la ola, ndipo atiuze okha chimene amva. Monita yanga ija ya chidindo cha chala ikali m'sitolo kuseri kwa chitseko, ndipo aliyense wofuna penti ayambe wapita kukaiona.