Magazi Anapita, Nanga Zotsatira Zili Kuti?

Amene tinatumizidwako ku zipatala zing'onozing'ono za kumudzi pa nthawi ya maphunziro a m'zipatala tikulidziwa bwino tsiku la ma ARV. Anthu amalawirira, ndipo mabenchi amadzaza dzuwa lisanakwere. Tsiku lina mayi wina wobereka mwana kumbuyo atalandira mankhwala ake sanadzuke msanga. Anatiyang'ana nati: "Anesi, magazi munanditenga pachala aja anabwera?" Pakhadi lawo malo olembapo zotsatira anali osalembedwa. Titafufuza tinalipeza pepala lawo m'kabati, pakati pa mulu wa mapepala ena. Linali litafika miyezi inayi m'mbuyomo, ndipo linkaonetsa kuti tizilombo tinali tochuluka m'magazi awo. Miyezi yonseyo mayiwo ankayamwitsa mwana osadziwa kanthu.

Sititchula chipatalacho chifukwa amene tinawapeza kumeneko sanali aulesi. Namwino mmodzi ankaona amayi oyembekezera, ana odwala malungo ndi anthu a ma ARV tsiku limodzi. Koma nkhaniyi yatisiyira maganizo amene tikufuna kuwanena poyera: kuyeza magazi sikutha pamene kapepala kanyamuka pa njinga yamoto. Kumatha pamene mwini magazi wamva zotsatira zake ndipo chochita chapezeka.

Tiyambe ndi kuyamikira kapepalako. Kuyeza kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi, kumene ambiri amangoti vayilo lodi, ndiyo njira imene bungwe la WHO linalimbikitsa mu 2013 kuti izigwiritsidwa ntchito poona ngati ma ARV akugwira. Munthu akhoza kuoneka wonenepa, akulima ndi kuimba kwaya, pamene tizilombo tayamba kale kuswana ndi kupima mankhwala. Maso sangaone zimenezi. Vuto linali loti kuyeza kwa nthawi zonse kumafuna plasma, madzi a magazi amene amapatulidwa ndi makina pasanathe nthawi yaitali, kenako n'kusungidwa mozizira mpaka ku labotale. Chipatala chopanda magetsi odalirika, chimene msewu wake umaduka m'dzinja, sichingakwanitse zimenezo.

Njira ya magazi ouma, yotchedwa DBS, inachotsa chopinga chimenechi. Munthu amabayidwa pachala, magazi n'kudonthezedwa m'timabwalo tisanu ta pa kapepala kapadera. Kapepalako kamauma pamthunzi kwa maola osachepera atatu, kenako kamaikidwa m'kajumbo kotseka pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho. Kakatero kamakhala masabata angapo popanda firiji, kudikira a njinga zamoto, monga a bungwe la Riders for Health, kuti akakatule ku boma. Kuno ku Malawi njira yotenga magazi pachalayi inayesedwa ndi bungwe la Médecins Sans Frontières m'boma la Thyolo, boma limene kulinso chipatala chathu cha Malamulo. Chifukwa cha njirayi, agogo a m'mphepete mwa phiri amayezedwa ndi makina omwewo amene amayeza bwana wa mumzinda.

Pali anzathu ena, makamaka ophunzira za labotale, amene amati DBS ndi njira yachiwiri. Mfundo yawo ili ndi maziko. Magazi a pa kapepala ndi ochepa, choncho tizilombo tikakhala tochepa kwambiri makina sationa bwino monga amationera mu plasma. Ndiponso magazi athunthu amakhala ndi maselo amene kachilomboka kamabisalamo, ndipo nthawi zina zimenezi zimakweza nambala. Timavomereza, ndipo pamene plasma ikutheka, itengedwe plasma. Koma funso lalikulu limene dokotala wa kumudzi amafuna kuyankhidwa ndi lakuti kodi tizilombo taposa 1,000 pa mililita imodzi ya magazi kapena ayi, ndipo pa funso limenelo kapepala kotengedwa bwino kamathandiza ndithu. Kwa mayi wa kumudzi uja kusankha sikunali pakati pa DBS ndi plasma. Kunali pakati pa DBS ndi kusayezedwa konse.

Ndiye ngati njirayi ndi yabwino, imagwera pati? Imagwera m'manja mwa anthu, ndipo posachedwa manjawo akhala athu. Bwalo losadzaza, kapepala kotsekeredwa m'jumbo kasanaume, timapepala tosanjikizana, nambala ya wodwala yolembedwa molakwika: chilichonse mwa izi chimachititsa kuti labotale ikane magazi kapena zotsatira zipite kwa munthu wina. Amene amalipira ndi wodwala, amene ayendenso mtunda kapena kulipira kabaza kuti abayidwenso. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, pepala likhoza kufika n'kugona m'kabati monga tinaonera.

Ndondomeko ya Unduna wa Zaumoyo ndi yomveka. Munthu amayezedwa pakatha miyezi 6 atayamba mankhwala, kenako chaka chilichonse. Tizilombo tikapezeka tochuluka, amalandira uphungu wapadera wa kamwedwe ka mankhwala, n'kuyezedwanso pakatha miyezi 3. Zikapitirira, madokotala amaunika ngati pafunika kusintha mankhwala. Ndondomeko yonseyi imadalira kuti zotsatira zifike pa nthawi yake. Mwezi uliwonse umene pepala lagona, tizilombo timapeza mpata wozolowera mankhwala, ndipo mwana woyamwa kapena mnzake wa m'banja amakhala pachiopsezo.

Zotsatira zabwino nazonso siziyenera kubisidwa. Munthu amene tizilombo take sitikuonekanso m'magazi sapatsira mnzake kachilomboka pogonana. Uwu ndi uthenga umene umalimbitsa mtima munthu amene wamwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndipo umachotsa mantha m'mabanja. Koma kangati timangolemba pakhadi osamuuza mwini wake tanthauzo lake? Dziko lathu linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu amene ali pa mankhwala, pafupifupi 97 pa 100 aliwonse tizilombo tawo tinali titatsika. Ndi chipambano chachikulu. Koma atatu otsalawo ndi anthu, ndipo sitingawadziwe popanda kapepala kaja kupita ndi kubwerera.

Tisaiwalenso za ndalama. Gawo lalikulu la ntchito ya HIV m'dziko muno limalipiridwa ndi Global Fund ndi PEPFAR. Pamene boma la America linaimitsa thandizo la kunja mu Januwale 2025, tonse tinaona kuti ntchito yodalira thumba la mnansi ikhoza kugwedezeka tsiku limodzi. Tikupempha boma kuti mafuta a njinga zamoto ndi zipangizo za labotale aziziwerengera m'bajeti ngati mmene limawerengera mankhwala. Ifenso tidziwe kuti kapepala kalikonse kotayika chifukwa cha kusasamala ndi ndalama imene dziko lilibe.

Mpingo uli ndi mbali yake. Tamvapo za anthu amene anasiya mankhwala atauzidwa kumapemphero ena kuti achira. Tamvaponso za ena amene amadumpha mankhwala poopa kuti anzawo a ku hostelo kapena a ku msonkhano wa misasa aona botolo. Zonsezi zimadzaonekera pa vayilo lodi. Ife a Adventist timanyadira uthenga wa zaumoyo, timaphunzitsa za chakudya, madzi ndi kupuma. Uthengawo uzinenanso momveka, pa gome ndi m'makalasi a Sukulu ya Sabata, kuti kumwa ma ARV mokhulupirika sikusowa chikhulupiriro, ndipo m'bale amene ali pa mankhwala si nkhani ya miseche. M'fanizo la pa Luka 10, Msamariya sanangomanga mabala n'kumapita. Anamusiya wovulalayo m'manja odalirika ndipo analonjeza kudzabweranso.

Walira mvula walira matope. Tinafuna kuti kuyeza kufike kumudzi, ndipo kwafika pamodzi ndi ntchito yake yotopetsa: kuwerenga kaundula, kulemba zotsatira pakhadi tsiku lomwe zafika, kupatula za tizilombo tochuluka, ndi kupempha mlangizi wa zaumoyo kuti akamuitane munthu mwachinsinsi m'malo modikira tsiku lake la mankhwala. Palibe mphunzitsi amene adzatipatse malikisi pa zimenezi. Koma wophunzira aliyense amene akupita ku chipatala teremu ikubwerayi akhoza kufunsa, tsiku lake loyamba, kumene mapepala a zotsatira amasungidwa, n'kutsekula kabatiyo.

Mayi aja anayamba uphungu tsiku lomwelo, ndipo mwana wawo anatengedwa magazi. Nthawi yathu pa chipatalapo inatha zotsatira za mwanayo zisanabwere.