Miyala Yoyera ya ku Isandlwana: Kodi Zithunzi Zathu Zimakumbukira Ndani?

Ndabwera ndi nkhani ya phiri limodzi la m'chigawo cha KwaZulu-Natal ndi zithunzi zimene anthu amajambula kumeneko. Phirilo ndi Isandlwana, kufupi ndi tauni ya Nquthu. Ndidapitako ndi foni yanga m'manja ngati mlendo wina aliyense, ndipo ndidajambula mpaka batire kutha. Nditabwerera kunyumba n'kuyamba kuziona chimodzichimodzi, ndidachita manyazi. Pafupifupi chithunzi chilichonse chinali cha milu ya miyala yopakidwa njereza, pamene padaikidwa mafupa a gulu lankhondo la Angerezi. Ine mwana wa mu Africa ndidajambula malowo ndi diso la wina. Maganizo anga ndi akuti chithunzi cha pamalo a nkhondo sichikumbukira wakufa aliyense pachokha. Chimakumbukira amene wojambula wamulozetsa kamera ndi amene watchulidwa m'mawu a pansi pake.

Tiyambe ndi zimene zidachitika. Mu Disembala 1878, Sir Bartle Frere adapatsa Mfumu Cetshwayo ya Amazulu malamulo amene iye mwini ankadziwa kuti mfumuyo singawalole, kuphatikizapo kuthetsa magulu ake ankhondo. Pa 11 Januwale 1879, asilikali a Lord Chelmsford adaoloka mtsinje wa Mzinyathi pa Rorke's Drift n'kulowa m'dziko la Amazulu. Adamanga msasa m'tsinde mwa Isandlwana osakumba ngalande kapena kuzinga ngolo zawo ngati linga. M'mamawa pa 22 Januwale, Chelmsford adatenga gawo lalikulu la asilikali kukafunafuna adani kutali ndi msasa, osadziwa kuti ankhondo a Chizulu pafupifupi 20,000, motsogozedwa ndi Ntshingwayo kaMahole ndi Mavumengwana, adali atabisala m'chigwa chapafupi. Masana a tsikulo, limenenso kudachita kadamsana, msasa udawonongedwa. Ku mbali ya Angerezi kudafa anthu oposa 1,300. Ku mbali ya Amazulu kudafa anthu osachepera 1,000, kuphatikiza ena ambiri amene adakafera kwawo ndi mabala.

Palibe chithunzi cha nkhondo yeniyeniyo. Makamera a nthawi imeneyo adali olemera, a miyendo itatu, ojambulira pa magalasi, ndipo ankafuna chinthu chosasuntha. Ojambula a ku Natal, monga James Lloyd wa ku Durban, adafika patapita miyezi, nkhondo itayamba kukomera Angerezi. Zimene adapeza ndi ngolo zosiyidwa, udzu utamera pakati pa mafupa, ndi phiri lili chiimire kumbuyo. Mitembo ya asilikali idakhala pamtunda miyezi inayi gulu loika maliro lisadafike mu Meyi 1879, ndipo ntchito younjika miyala idapitirira m'zaka zotsatira. Mu 1885 Charles Edwin Fripp adajambula ndi penti chithunzi chotchuka cha asilikali a 24th Regiment ataunjikana pamodzi akumenya nkhondo yawo yomaliza, chimene tsopano chili ku National Army Museum ku London. Kuyambira pamenepo, diso la dziko lapansi lidaphunzira poima: pakati pa ovala majekete ofiira, kuyang'ana kunja kwa adani osadziwika maina.

Nanga Amazulu amene adafa adapita kuti? Anzawo adawaika m'zigwembe ndi m'maenje osungiramo dzinthu, ena n'kungowafunditsa zishango zawo. Padalibe wopaka njereza pa iwo. Mvula ndi udzu zidamaliza ntchito, ndipo lero kamera ikaloza pamenepo imaona tchire. Padapita zaka 120 chipilala chowakumbukira chisadaimikidwe. Mu 1999 ndi pamene padaikidwa chikumbutso cha mkuwa chooneka ngati isiqu, mkanda umene ankavala wankhondo amene waonetsa chamuna. Pali gulu linanso loiwalika koposa: Aafirika mazanamazana a Natal Native Contingent amene adafera ku mbali ya Angerezi. Kwa ofotokoza mbiri ya Ufumu wa Britain adali antchito chabe, ndipo kwa onyadira chipambano cha Amazulu adali a mbali ya mdani. Mafupa awo adagwera pamodzi ndi a azungu, koma mlendo akajambula mulu wa miyala amalemba kuti “manda a asilikali a ku Britain”, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apa ndi pamene maphunziro anga a ziyankhulo amandivutitsa. Chithunzi chimayenda ndi chiganizo, ndipo chiganizo chimasankha mbali. M'Chichewa timasiyanitsa bwino: galu amafa, munthu amamwalira, wokondedwa amatisiya, mfumu imagona. Timasiyanitsanso “mtembo” ndi “malemu”. Tsono taonani mawu amene amalembedwa pansi pa zithunzi za Isandlwana. Mabuku ambiri a Chingerezi amatchula tsikuli ndi liwu lotanthauza tsoka kapena ngozi, ngati kuti asilikali adakokoloka ndi madzi osefukira. Liwu lotere limachotsa nzeru za Ntshingwayo amene adabisa anthu 20,000 osaoneka, limachotsanso Mkhosana kaMvundlana amene adadzutsa gulu la uKhandempemvu pamene zipolopolo zidaligonetsa pansi, iye n'kuphedwa pomwepo. Mneni wakuti “adaphedwa” nayenso ndi wochenjera, chifukwa amalola wolemba kubisa wopha ndi chifukwa chake. Tikalemba kuti “apa padaphedwa asilikali 1,300” osanena kuti adaoloka mtsinje kulowa m'dziko la eni, tanena zoona koma tasocheretsa wowerenga.

Ngakhale dzina la phirilo lidazunzika. M'zolemba za nthawiyo limapezeka ngati Isandula kapena Isandhlwana, malinga ndi khutu la wolemba. Koma dzinali lili ndi maziko amene ife a Chichewa tingawazindikire. Mphatikiram'tsogolo isi- wa Chizulu ndi mbale wa chi- wathu, monga mu isiZulu ndi Chichewa, ndipo ambiri amamasulira dzinali kuti chinthu chofanana ndi kanyumba. Wojambula amene sasamala kulemba dzina la malo molondola sangasamale dzina la munthu amene adagona pamalopo.

Ndikudziwa kuti ena mutsutsa. Wina anena kuti chithunzi chabwino chimadziyankhulira chokha, ndipo kuti phiri lopanda munthu, lili zii pansi pa mitambo, limanena za imfa kuposa mawu. Ndivomereza kuti chithunzi chotere chimagwira mtima. Koma chisoni chimene chimadzutsa chimathamangira kwa amene wowonayo akumudziwa kale. Amene adaonera filimu ya Zulu ya 1964 kapena Zulu Dawn ya 1979 adzaika nkhope za m'mafilimuwo paphiripo. Chete wa chithunzi amadzazidwa ndi nkhani imene yamveka kwambiri, ndipo nkhani imeneyo kawirikawiri si yathu.

Wina anena, ndipo uyu ndimamumvera kwambiri, kuti kwathu manda sajambula mwachisawawa. Kumudzi sulowa kumanda popanda chilolezo cha amfumu, ndipo ngakhale adzukulu ali ndi mwambo wake. Kodi si chipongwe kuima pa mafupa a anthu n'kumwetulira foni? Ndi chipongwe ndithu, ndipo ndidaona alendo akuchita zimenezo atatsamira miyala. Koma yankho lake ndi kujambula ndi ulemu umene timapita nawo pa mwambo womanga chiliza. Pa chiliza sitingoika simenti n'kuchoka. Timatchula dzina la malemu, mfunda wake, kumene adachokera ndi amene adasiya. Chithunzi chokumbukira akufa chiyenera kuchita chimodzimodzi.

Mwina mukufunsa kuti ife zikutikhudza bwanji. Angoni a ku Mzimba, ku Chipata, ku Ntcheu ndi ku Angonia makolo awo adachokera kumwera komweko, ngakhale Zwangendaba adaoloka Zambezi mu 1835, zaka zambiri nkhondoyi isadachitike. Koma chimene chimatimanga pamodzi ndi Isandlwana ndi tsogolo la asilikali a Natal Native Contingent aja, chifukwa ndi limene lidagwera agogo athu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene akuluakulu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza, amuna a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia adalowa usilikali, ndipo ochuluka koposa adatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wankhondo m'mapiri ndi m'madambo a ku East Africa mpaka von Lettow-Vorbeck atagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918. Mu Ogasiti 1940, asilikali a Northern Rhodesia Regiment adatchinga timapiri ta Tug Argan ku Somaliland polimbana ndi gulu lankhondo la Italy, ndipo a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland adali nawo pa nkhondo ya m'dzikolo. Ndi angati mwa ife adaonapo chithunzi cha timapiri timeneto?

Mu 2021, bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza mu lipoti lake kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene adafa pa nkhondo yoyamba ija sadakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo ambiri adali Aafirika. Chipilala cha King's African Rifles ku Zomba chili ndi maina a asilikali, ndipo chimenecho n'chuma. Koma wamtengatenga amene adagwa ndi kamwazi m'njira alibe mwala woti mdzukulu wake aujambule. M'mabanja ambiri chatsala ndi chithunzi chimodzi chofwifwa cha mnyamata wovala yunifolomu, chimene chili m'sutikesi, ndipo amene akudziwa dzina lake ndi gogo mmodzi yekha.

Choncho pempho langa ndi ili. Mukafika pa malo a nkhondo, jambulani miyala yoyera, pakuti ogona pamenepo nawonso adali ana a anthu, ambiri a iwo anyamata osauka amene adalowa usilikali pofuna chakudya. Kenaka tembenukani mujambulenso chigwembe ndi tchire, n'kulemba pansi pake kuti muno mudagona ankhondo a uKhandempemvu, iNgobamakhosi, uVe ndi uMbonambi. Funsani anthu a m'midzi yozungulira dzina limene iwo amatchula malowo, ndipo mupemphe musanawajambule. Lembani m'chiyankhulo chathu, posankha mneni amene mukadasankha akadakhala malume anu. Ndipo mukapita kumudzi tchuthi chikubwerachi, tsegulani sutikesi ija. Jambulani chithunzi chakalecho ndi foni, mukhale pansi ndi agogo, mulembe dzina, mfunda, mudzi, mfumu ndi nkhondo imene mnyamatayo adapita. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gogo amene akudziwa dzinalo ali moyo lero, ndipo za chaka chamawa palibe angalonjeze.

Ine zithunzi zanga za ku Isandlwana sindidazifufute. Ndidazilembera mawu atsopano chimodzichimodzi, ndipo pa chithunzi cha mulu wa miyala ndidawonjezera kuti pakati pa ogona m'tsinde mwa phirili pali Aafirika a ku Natal amene maina awo sadalembedwe. Ndikadzapitanso, ndidzayambira ku chikumbutso cha isiqu. Ngati kwanu kuli chithunzi cha msilikali kapena wamtengatenga, ndingakonde kumva dzina lake ndi mawu amene mungalembe pansi pake.