Eni maboti, mafunde asamatigavire chonchi

Ife a ku Kasina, kuno kumapiri a Dedza, tikatsika ndi nyemba ndi kachewere kudzagula usipa, enafe timakwera boti la injini pa Senga Bay kuwolokera ku Makanjira. Nyengo ya Mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, timakafika titanyowa thupi lonse, ana akunjenjemera. Pobwerera usipa wouma ukanyowa, basi mpamba wapita.

Tikadandaula mumati, "Ndi mmene nyanja ilili." Ayi bambo, zambiri zili m'manja mwanu. Matumba olemera musawaunjike kutsogolo, boti limalowetsa mutu m'funde. Khomani thabwa lalitali m'mbali chakunja, pamwamba pang'ono pa madzi, lizibweza madziwo pansi. Popita ku Makanjira Mwera umachokera kudzanja lamanja, ndiye lona mangani mbali yokhayo; kutseka boti lonse n'kutchera anthu msampha likagubuduka. Ndipo chepetsaniko liwiro, mafuta nawonso mupulumutsa.

Nafenso tisamakakamize woyendetsa kunyamuka masana poti tinachedwa pamsika. Nthawi zambiri m'mamawa nyanja imakhala isanaluse. Tizinyamuka ikangotha swala ya Fajr, Insha Allah.