UMOYO M'BANJA: Lilime la Nkhosa pa Sikelo ya Ibn Sina



Achibale athu akamabwerera kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande, nthaŵi zina m'katundu mwawo mumakhala kapaketi ka masamba ouma kapena kabotolo ka mafuta opaka. Ena mwa mankhwala otere amalembedwa dzina loti plantain, ndipo ogulitsa amawatamanda kuti amachiza zilonda, chifuwa, m'mimba, shuga ndi nthenda zina zambiri. Lero tikambirane za chomera chimenechi, makamaka za malire ake. Kaŵirikaŵiri mankhwala a zitsamba akapweteka munthu sikuti tsambalo ndi loipa ayi, koma kuti lapatsidwa ntchito yosakhala yake.

SI NTHOCHI AYI

Poyamba tichotse chisokonezo. M'Chingerezi dzina loti plantain limatchulanso nthochi zophika zija. Chomera chimene tikunena pano si nthochi, ndipo palibe chibale pakati pa ziŵirizi. Ichi ndi chitsamba chachifupi chimene akatswiri a zomera amachitcha Plantago major. Masamba ake amayala pansi mozungulira ngati nkhata. Tsamba lililonse ndi lotambalala, ndipo lili ndi mitsempha yooneka bwino, 5 mpaka 9, yoyambira kuphesi n'kukakumana kunsonga. Mukakoka phesilo pang'onopang'ono kuti liduke, mumaona timaulusi tolimba tikutsalira. Pakati pa masambawo pamatuluka kamtengo konga mchira wa khoswe, kodzaza ndi tinjere, ndipo chomera chimodzi chingabale njere zofika 20,000.

Kwawo kwenikweni ndi ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, koma chinafalikira pafupifupi dziko lonse potsata anthu apaulendo. Chimakonda malo opondedwapondedwa: m'mbali mwa njira, pa kapinga, pa bwalo la mpira. Eni nthaka a ku America anachitcha phazi la mzungu poona kuti chinkamera paliponse pamene atsamunda anadutsa. Ku South Africa ndi ku Britain chimamera ngati udzu wamba. Ku Iran amachitcha barhang, ndipo ku Norway ndi ku Sweden amati groblad, kutanthauza tsamba lopoletsa. Aarabu amati lisan al-hamal, ndiko kuti lilime la mwana wa nkhosa, chifukwa cha maonekedwe a tsambalo. Ife pano tizingoti lilime la nkhosa.

ZIMENE MADOKOTALA AKALE ANALEMBA

Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, dokotala Mgiriki wotchedwa Dioscorides analemba za tsambali m'buku lake la mankhwala. Bukulo linamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, ndipo madokotala a Chisilamu analiŵerenga, kulikonza ndi kuwonjezapo zawo.

Mmodzi wa iwo anali Ibn Sina, amene anabadwira kufupi ndi Bukhara m'chaka cha 980 n'kumwalirira ku Hamadan mu 1037. Buku lake lalikulu, Al-Qanun fi al-Tibb, analimaliza mu 1025, ndipo m'gawo lake lachiŵiri, lonena za mankhwala amodziamodzi, lilime la nkhosa lilimo. Wina anali Ibn al-Baytar wa ku Malaga m'dziko la Spain, amene anakhala mkulu wa akatswiri a zitsamba ku Egypt n'kumwalirira ku Damascus mu 1248. Iye anasonkhanitsa mankhwala ndi zakudya pafupifupi 1,400 m'buku limodzi, ndipo tsambali sanalisiye.

Malinga ndi kaŵerengedwe ka nthaŵi imeneyo, lilime la nkhosa linali m'gulu la mankhwala ozizira ndi oumitsa. Ankaliika pa bala lotuluka magazi, pa zilonda zonyeka ndi pa malo opsa ndi moto. Madzi ake ankawapereka kwa wotsegula m'mimba, ndiponso ankachukuchira m'kamwa dzino likamaŵaŵa kapena nkhama zikatupa.

Pano tinene mosabisa. Tsambali si la m'gulu la mankhwala otchuka m'mahadisi monga uchi ndi habbat sauda. Linaloŵa m'mabuku a Asilamu kudzera m'maphunziro a udokotala. Tsono wogulitsa akakuuzani kuti aŵa ndi mankhwala a Mtumiki (S.A.W.), dziŵani kuti akufuna kugulitsa malonda ake ndi dzina lolemekezeka, ndipo kunamizira Mtumiki ndi tchimo lalikulu.

MULI CHIYANI M'TSAMBAMO?

Akatswiri a masiku ano analipima tsambali ndipo anapezamo zinthu zingapo zimene zimatithandiza kumvetsa zimene akale ankaona.

Choyamba ndi aucubin, pamodzi ndi mbale wake catalpol. Tsamba likakhala lathunthu, aucubin amangokhala phee. Koma mukalisinja, iye amakumana ndi chinthu china cha m'tsamba momwemo chimene chimamusandutsa kukhala mankhwala olimbana ndi mabakiteriya. Moto umawononga chosandutsacho. N'chifukwa chake tsamba laliŵisi losinja limakhala ndi mphamvu imeneyi kuposa tsamba loŵiritsa. Aucubin yemweyu akawonongeka amadetsa tsamba, kotero masamba ouma amene achita bii ndi chizindikiro chakuti sanayanikidwe bwino.

Chachiŵiri ndi plantamajoside ndi acteoside. Poyesa m'malabotale, izi zaonetsa mphamvu yochepetsa kutupa. Ntchito yonga yomweyo yaonekanso mwa ursolic acid ndi m'gulu la zinthu zotchedwa flavonoid zimene zili m'tsambamo.

Chachitatu ndi tannin. Ameneyu ndi uja amathinitsa m'kamwa mukaluma nthochi yosapsa kapena mukamwa tiyi wochuluka masamba. Pa khungu amakwinyitsa minofu pang'ono ndi kuumitsa malo onyeka, ndipo kumeneku ndiko kuumitsa kumene madokotala akale ankanena.

Chachinayi ndi utomoni woterera ngati therere. M'masamba ulimo, koma wochuluka uli m'njere, zimene zimafufuma zikaloŵa m'madzi. Utomoniwu umakuta pakhosi pokanda n'kupatonthoza. Mbale wa chomerachi wotchedwa Plantago ovata amalimidwa kwambiri ku India, ndipo gaga wa njere zake ndiye isabgol, mankhwala odziŵika a kudzimbidwa. Womwa isabgol ayenera kumwera madzi ambiri, apo ayi amatha kutsamwitsa kapena kutseka matumbo.

Kuwonjeza apa, m'masambamo muli mavitamini A, C ndi K.

SIKELO YA IBN SINA

Kodi tsono popeza muli zonsezi, ndiye kuti tsambali limachiza zonse zimene ogulitsa amanena? Yankho tilipeze kwa Ibn Sina yemweyo. Iye sanangondandalika mankhwala ayi. Koyambirira kwa gawo lachiŵiri lija anaika malamulo 7 oyesera ngati mankhwala amagwiradi ntchito. Titenge anayi mwa iwo, m'mawu athuathu.

Loyamba, mankhwala oyesedwa akhale osasakanizika ndi chinthu china, ndiponso osasinthika chifukwa cha kutentha kapena kukhalitsa. Lachiŵiri, ayesedwe pa nthenda imodzi yodziŵika, osati pa munthu wodwala zambiri nthaŵi imodzi. Lachitatu, zotsatira zake zioneke mobwerezabwereza pa anthu ambiri, pakuti chochitika kamodzi chingakhale changozi chabe. Lachinayi, ayesedwe pa thupi la munthu, chifukwa chimene chachitika pa mkango kapena pa kavalo si umboni wa chimene chidzachitike pa munthu.

Tiyeni tiike lilime la nkhosa pa sikelo imeneyi. Zambiri zimene tafotokoza pamwambapa zinaoneka m'mbale za m'labotale ndi pa mbeŵa zoyesera, kotero lamulo lachinayi silinakwaniritsidwe mokwanira. Kuyesa pa anthu kwachitika ndithu, makamaka ku Iran, pa zilonda za moto, zilonda za ogona nthaŵi yaitali ndi zilonda za m'kamwa. Zotsatira zina ndi zolimbikitsa, koma oyesedwawo anali ochepa, ndipo ankapakidwa mankhwala okonzedwa mwaukhondo pamaso pa madokotala, osati tsamba lothyola m'njira. Ku Germany akuluakulu oona za mankhwala analoleza mbale wake wa masamba aatali, Plantago lanceolata, pa zinthu zazing'ono monga kukanda kwa pakhosi, chifuwa cha chimfine ndi kutupa kwa m'kamwa. Palibe umboni woti tsambali limachiza shuga, khansa, malungo kapena Edzi.

Mwachidule, sikelo ikutiuza kuti lilime la nkhosa ndi mankhwala a zinthu zazing'ono. Pamenepo lingathandize. Kupitirira apo sililemera.

KAGWIRITSIDWE KAKE

Kwa amene ali kumene tsambali limamera, ndipo akulidziŵa bwino osalisokoneza ndi lina, lingathandize pa kukalika kwa pamwamba pa khungu ndi pa kuyabwa kwa polumidwa ndi udzudzu kapena nyerere.

Yambani ndi madzi. Pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 625, Mtumiki (S.A.W.) atavulala kunkhope, Ali (R.A.) ankathira madzi pamene Fatima (R.A.) ankatsuka balalo. Ife amene timachita udhu tsiku ndi tsiku sitiyenera kuphunzitsidwa kaŵiri za ukhondo. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo tsukani pokalikapo ndi madzi oyera ndi sopo. Thyolani masamba anthete pa malo amene sipayenda ziŵeto ndiponso sipanapoperedwe mankhwala. Atsukeni bwino, asinjeni ndi supuni m'mbale yoyera, ndipo musawatafune, pakuti m'malovu muli tizilombo. Ikani kwa kanthaŵi, kenaka tsukaninso. Pakayamba kufiira, kutentha, kutupa kapena kutuluka mafinya, lekani ndipo pitani kuchipatala.

PAMENE TSAMBA LIYENERA KUSIYIDWA

1. Bala lakuya, monga lobayidwa ndi msomali, mbedza kapena munga wa nsomba. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndoŵe, malo omwewo amene tsambali limakonda kumera. Kuliika pa bala lotere ndiko kuitana nthenda. Chofunika ndi chipatala ndi katemera.

2. Mchombo wa khanda ndi chilonda cha mdulidwe. Amayi, agogo ndi oyang'anira anyamata ku jando, pamenepa musaikepo tsamba, phulusa kapena dothi. Tsatani malangizo a achipatala okha.

3. Chilonda cha kuphazi cha munthu wodwala shuga. Chimaoneka chaching'ono pamwamba koma chimadya m'kati, ndipo kuchedwa kumadulitsa mwendo.

4. Kulumidwa ndi njoka kapena galu. Palibe tsamba limene limachotsa ululu wa njoka kapena kuletsa chiwewe. Polumidwa ndi galu tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala.

5. Chifuwa chopitirira milungu iŵiri, makamaka chotuluka magazi, chowondetsa kapena chotulutsa thukuta usiku. Kayezetseni chifuwa chachikulu.

6. Magazi mumkodzo. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja kaŵirikaŵiri ameneyu ndi likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Tsamba loletsa magazi pa khungu silipha nyongolotsi za m'chikhodzodzo.

7. Mwana wotsegula m'mimba. Chimene chimapha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mpatseni ORS, pitirizani kumuyamwitsa, ndipo pitani naye kuchipatala.

8. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi onse omwa warfarin, afunse dokotala asanamwe tiyi wa tsambali. Vitamini K amafooketsa ntchito ya warfarin.

ZA MAPAKETI

Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. M'chaka cha 1997 ku America, amayi aŵiri anadwala mtima atamwa mankhwala a zitsamba otchedwa otsuka m'thupi. Bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, litafufuza linapeza kuti ufa wolembedwa plantain unali wosakanizika ndi Digitalis lanata, chomera cha poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima. Tsamba likasanduka ufa palibe diso limene lingalizindikire. Ngati zotere zinachitika m'dziko lokhala ndi malamulo okhwima, nanga bwanji kapaketi kopanda dzina la wopanga kogulidwa pa depoti ya basi? Kumbukirani lamulo loyamba la Ibn Sina lija. Mphatso ya mbale ilandireni ndi manja aŵiri, koma musanamwetse mwana kapena nkhalamba, kaionetseni kwa achipatala. Safunsa anadya phula.

Abale ndi alongo, chipembedzo chathu chimatilimbikitsa kufuna mankhwala tikadwala, ndipo thupi ndi amana imene tidzafunsidwa. Zitsamba ndi chifundo cha Allah, ndipo nzeru yozipima ndi chifundo Chake chomwecho. Madokotala athu akale analilemekeza tsambali poliyesa ndi kulidziŵa malire ake. Ifenso titero m'makomo mwathu: chaching'ono tisamalire pakhomo mwaukhondo, chachikulu tipite nacho kuchipatala msanga, ndipo duwa isaleke konse kuŵiri.

M'magazini yotsatira, Insha Allah, tidzakamba za uchi, ndi chifukwa chake suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana chaka chimodzi. Allah achiritse odwala athu ndi kuteteza mabanja athu. Iye ndiye Wodziŵa koposa.