Timapukuta pamwamba, dzimbiri likudya kunsi

Pali mawu omwe amamveka kawirikawiri pasiteji ya Nselema madalaivala akamadikira kuti galimoto idzaze. Amati galimoto za masiku ano ndi zitini, mvula ikangoziwomba zaka ziwiri zayamba kale kubooka, pomwe zamakedzana monga Land Rover zinkafa injini thupi lili gwa. Ine mawu amenewa ndimawavomera theka. Galimoto za lero zimatuluka m'fakitale zili zotetezedwa ku dzimbiri kuposa zonse zomwe agogo athu adakwerapo. Chomwe chimazidya ndi ulendo womwe zimayenda zisanafike kuno, katundu yemwe timazisenzetsa, komanso chizolowezi chathu chosamala mbali yokhayo yomwe anzathu amaona.

Kuno nkhani ya dzimbiri si yongocheza. Sienta kapena Probox yomwe ikuthamanga pakati pa Nselema, Ntaja ndi Liwonde nthawi zambiri imakhala thukuta la mnyamata yemwe wakhala zaka zingapo ku Joni akupanikizana m'kachipinda kamodzi ndi anzake, kapena phindu la mpunga wa nyengo zingapo. Ndiyo imalipira fizi, ndiyo imathamangira ndi mayi woyembekezera kuchipatala pakati pa usiku. Injini ikavuta amakaniko alipo, ndipo zipangizo zimapezeka ku Limbe. Koma thupi la galimoto likawola palibe sitolo yomwe mungakagule lina. Mpamba wonse wa banja umathera pomwepo, galimoto n'kusanduka khola la nkhuku kuseri kwa nyumba.

Tiyambe ndi dzimbirilo. Aliyense yemwe adaiwalapo khasu kumunda nthawi ya dzinja akulidziwa. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimabwerera pang'onopang'ono ku dothi lofiira lomwe chidachokerako. Mukathirapo mchere ntchitoyo imafulumira kwambiri. Kuipa kwa dzimbiri n'koti silitseka bala lake. Limafufuma, limachita makoko, ndipo makokowo amasunga chinyezi chomwe chimapitiriza kudya chitsulo cha pansi pake. Land Rover zakale zomwe timazitamazo, thupi lake lidali la aluminiyamu, yemwe sachita dzimbiri lofiira. Koma mufunseni makaniko wachikulire za chasisi yake, yomwe idali yachitsulo. Akuuzani kuti ankaiwotcherera mpaka kutopa.

Galimoto zambiri mpaka lero zimapangidwa ndi chitsulo chifukwa n'cholimba, chotchipa komanso chosavuta kuumba ndi kukonza. Chomwe chidasintha ndi zovala zomwe amachiveka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, makampani adayamba kukuta chitsulo ndi zinki, yemweyo amene amawalitsa malata atsopano. Zinki amadyeka m'malo mwa chitsulo, moti ngakhale pakandike pang'ono, woyamba kutha amakhala iyeyo. Kenako thupi lonse la galimoto amalimiza m'dziwe la penti woyamba, yemwe amakokedwa ndi magetsi kuti alowe m'ngodya zonse. Molumikizira amamatamo zomatira, m'mphako amapoperamo sera, ndipo pamapeto ndi pomwe pamabwera penti wamtundu ndi wonyezimira uja.

Koma zovala zimenezi n'zopyapyala. Penti yense, kuyambira woyamba mpaka wonyezimira, kuchindikala kwake ndi pafupifupi kwa pepala limodzi lolembapo. Chitsulo cha chitseko sichifika ngakhale milimita imodzi, kaamba koti galimoto yopepuka imamwa mafuta ochepa. Apa ndi pomwe madalaivala aja akunena zoona, chifukwa dzimbiri likangolowa silikhala ndi mtunda wautali kuti litulukire mbali inayo. Tayang'anani denga la malata. Siliyamba kufiira pakati pa lata. Limayambira pamsomali, m'mphepete modulidwa, ndi pomwe malata awiri asanjikana n'kusunga madzi. Galimoto nayo n'chimodzimodzi.

Tisaiwalenso kuti galimoto yomwe kuno timaitcha yatsopano imakhala itatumikira kale anthu ena. Sienta yopangidwa mu 2008 kapena 2010 idayenda zaka zambiri ku Japan isanafike kwa ife. Kumpoto kwa dzikolo, monga ku Hokkaido, kumazizira mpaka madzi kuundana pamsewu, ndipo kuti galimoto zisaterereke amawaza mchere ndi mankhwala ena osungunula. Ku UK amachitanso zomwezo. Madzi amchere amenewo amalowa m'mphako zonse za kunsi. Ikachoka kumeneko imakwera sitima masabata angapo panyanja yamchere, n'kukadikiranso padoko la Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Pofika pachipata cha Songwe kapena Mwanza pamwamba ili waliwali, koma zinki wa kunsi adayamba kale kutha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ikafika kuno timailandira ndi matope. Msewu watala wochokera ku Liwonde kudzera pa Ntaja ndi Nselema kulowera ku Namwera ndi umodzi, koma okwera athu amakhala m'midzi, ndipo misewu yopita kunyanja ya Chiuta ndi m'madambo a mpunga ndi yafumbi. M'chilimwe timiyala tomwe matayala amaponya timasenda penti wa kunsi ngati sandipepa. Dzinja likafika matope amamatirira pamabala omwewo. Akadakhala madzi okha akadauma tsiku lomwelo, koma dothi lamakande likaunjikana m'madigadi ndi kuseri kwa mapulasitiki otchinga kunsi limakhala lonyowa kwa masabata. Zili ngati kumanga chilonda ndi nsanza yonyowa.

M'kati namo muli zake. Nyengo yogula feteleza ikafika, Sienta imasanduka lole. Matumba a Urea ndi NPK amaunjikidwa mubuti ndi pamipando, ndipo timibulu totayika timalowa pansi pa kapeti. Feteleza amakoka chinyezi mumpweya n'kusungunuka yekha, ndipo pakudya chitsulo amaposa matope. Yemwe adamusiyapo muwilibala akudziwa zomwe ndikunena. Onjezani madzi odontha m'madengu a nsomba zaziwisi za ku Chiuta, mkodzo wa mbuzi, zitosi za nkhuku ndi thumba la mchere lobooka. Zonsezi zimatsikira kudzenje komwe kumagona tayala la sipeya, komwe eni galimoto amatsegulako pokhapokha tayala likaphulika. Oyenda cha ku Chilwa akumbukirenso kuti nyanjayo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero madzi ake ndi matope ake zili ndi mchere.

Madzi osefukira nawo amasiya zawo. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, galimoto zina m'chigawo chakumwera zidamira, zina zidawoloka madzi ofika m'mipando. Kunsi kwa kapeti kuli chithonje chochindikala chomwe chimamwa madzi ngati siponji, ndipo sichiuma msanga popanda kuchichotsa. Galimoto yotere mukhoza kuitsuka n'kuipopera zonunkhiritsa, koma pansi pake pamakhala pakuwola mwakachetechete.

Kenako pali kukonza kwa phuma. Galimoto ikagundidwa timathamangira kwa owongola ndi owotcherera, ndipo timafuna mawa lomwe ikhale ili pamsewu. Moto wowotcherera umapsereza zinki ndi penti mbali zonse ziwiri za chitsulo. Kunja amamata fila n'kupenta bwinobwino, koma kuseri kumatsala chitsulo chosavala. Pakatha mvula imodzi kapena ziwiri penti amayamba kutuluka matuza. Mukaona thuza, dziwani kuti dzimbiri lachokera m'kati ndipo lakula kale kuposa lomwe mukuliona. Amisiriwa sindikuwada. Nthawi zambiri ndi mwini galimoto yemwe amakana kudikira tsiku limodzi lowonjezera ndi kugula kachitini ka penti woyamba.

Ena amati dzimbiri limangoipitsa maonekedwe. Ayi ndithu. Kunsi kwa galimoto kumadutsa timapaipi tachitsulo ta mafuta a mabuleki, tochepa kuposa pensulo. Kamodzi kakabooka, mabuleki amafooka mwadzidzidzi, phazi n'kumangolowa pansi. Taganizani zimenezi zikuchitika potsika mapiri a Chowe kulowera ku Mangochi, anthu khumi atapanikizana m'galimoto ya anthu asanu ndi awiri. Mashoko amagwira pachitsulo chomwecho, malamba a mipando chimodzimodzi. Pansi pakabooka, utsi wa ekizozi umalowa m'kati, ndipo mu utsi umenewo muli mpweya wakupha womwe sununkha. COF ya ku Road Traffic imangonena za tsiku lomwe galimoto idayesedwa, pomwe dzimbiri limagwira ntchito usana ndi usiku.

Nanga titani? Choyamba n'chosalira ndalama zambiri: tsukani kunsi. Anyamata otsuka galimoto amalimbikira magalasi, matayala ndi dashibodi chifukwa ndi zomwe bwana amayang'ana polipira. Auzeni ayambe m'madigadi, kuseri kwa matayala ndi m'mphepete mwa pansi pa zitseko, mpaka madzi otsika akhale oyera. M'dzinja chitani zimenezi sabata iliyonse, ndipo mvula ikatha mu Epulo pitani nayo padzenje la kugalaja muitsuke yonse. Chonde, musalowe pansi pa galimoto yomwe yangodalira jeki. Pewani madzi a pamjigo wamchere, ndipo sopo waufa musiyireni zovala, ndi waukali papenti. Kulowetsa galimoto mumtsinje kumalowetsa madzi m'maberingi, komanso mafuta ake amatsikira komwe amayi akutunga.

Chachiwiri, apatseni madzi njira yotulukira. Pansi pa chitseko chilichonse pali timabowo totulutsa madzi a mvula omwe alowera pagalasi, ndipo fumbi limatitseka. Mukamva madzi akukhuvuka m'chitseko potseka, tokosani timabowoto ndi kamtengo. Pansi pa galasi lakutsogolo, pomwe pali mawaipa, pamaunjikana masamba, makamaka kwa oimika pansi pa mtengo wa mango. Achotseni asanawole. Mwezi uliwonse kwezani kapeti, tulutsani sipeya, mugwire pansi ndi dzanja. Mukapeza chinyezi fufuzani labala yomwe ikudontha, kenako imikani galimoto padzuwa zitseko zili zotsegula. Dzuwa la ku Machinga ndi Balaka ndi laulere, ndipo silisowa.

Chachitatu, katundu wathu sitingaleke kunyamula, ndiye yalani pulasitiki yochindikala musanakweze feteleza, nsomba ziyende m'beseni losadontha, ndipo sesani tsiku lomwelo. Yang'ananinso pomwe pakhala batire, chifukwa asidi wake akamatayikira amaboola chitsulo msanga. Usiku imikani galimoto pouma osati paudzu. Kuiphimba ndi tenti ili yonyowa n'kuitsekera ndi nthunzi yake. Kashedi kaudzu kopita mphepo n'kabwino kuposa tentiyo.

Chachinayi, bala lichizeni likadali laling'ono. Pomwe mwala wasenda, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pakani penti woyamba wofiira uja timapaka mafelemu a mawindo, akauma pakani penti wapamwamba. Kabala kochepa ngati njere ya mpunga, ngakhale penti wa m'zikhadabo amathandiza podikira mmisiri. Powotcherera, muumirizeni mmisiri apente ndi kuseri komwe. Phula lakuda lopaka kunsi ndi labwino pokhapokha chitsulo chili choyera, chouma komanso chopanda dzimbiri. Mukalipaka pamwamba pa dzimbiri mwangolifunditsa bulangete kuti lidye mosasokonezedwa.

Ndimafunsidwa kawirikawiri za oyilo wakale wa mu injini yemwe ena amapopera kunsi. Zoona, amatchinga madzi. Koma amafewetsa malabala, amakoka fumbi, akagwera pamabuleki kapena paekizozi yotentha ndi ngozi, ndipo pamapeto amathera m'nthaka ndi m'zitsime zathu. Ine ndimalangiza girisi wopaka ndi burashi m'malo osankhidwa, monga molumikizira zitsulo, pamabawuti ndi patimapaipi ta mabuleki tija, kutali ndi matayala ndi ekizozi.

Kwa inu amene mukusonkhanitsa ndalama kuti mugule, musagule galimoto madzulo kapena mvula ikugwa, chifukwa penti wonyowa amabisa zambiri. Pitani masana ndi tochi, kamaginito ndi makaniko wanu osati wa wogulitsa. Yalani chiguduli mugone pansi muone nokha. Maginito sagwira pomwe pamatidwa fila wochindikala. Phula latsopano kunsi kwa galimoto yakale likupatseni mafunso, ndipo fungo la nkhungu m'kati likuuzeni kuti mudalowa madzi. Oitanitsa pa intaneti pemphani zithunzi za kunsi, mufunsenso dera lomwe galimotoyo inkayenda. Wogulitsa akamazemba, musatumize ndalama.

Dzimbiri sitingalithetse, chitsulo chilichonse chidzabwerera kudothi. Koma pali kusiyana pakati pa galimoto yomwe yawola ngongole isanathe ndi yomwe yaphunzitsa ana mpaka Fomu 4. Mvula ya Novembala isanagwe, patulani tsiku limodzi, mugule sandipepa, girisi ndi kachitini ka penti. Zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa tayala limodzi. Yambani ndi kutulutsa sipeya uja, muone chomwe chagona pansi pake.